Ng'ombe Yomwe Inalowa mu Tchizi wa Crescenzo

Kwathu kuno m'chigwa cha mtsinje wa Sele, aliyense amene anagwirapo bere la njati zathu zoweta akumudziwa Alfonsina Cammarano, ndipo ena akangomuona akubwera amayamba kukumbukira machimo awo. Si wapolisi, si sisitere. Ndi mayi wamfupi, wojintcha, wa magalasi okhuthala, woyenda mofulumira ngati wasiya mphika pamoto. Kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi wakhala akugwira ntchito mu labotale yoyezera mkaka m'tauni, ndipo ntchito yake ndi imodzi basi: kufufuza ngati mu tchizi wotchedwa mozarela, wolembedwa kuti ndi wa mkaka wa njati, mwabisala ng'ombe.

Anakulira kukhola. Bambo ake, a Vitantonio, anali ndi njati makumi anayi ndi kanyumba kopangiramo tchizi kuseri, ndipo ana anali awiri, Alfonsina woyamba, kenako mlongo wake Crescenzo. Mtsikanayo atakwana zaka khumi, bambowo anamuviika manja m'madzi otentha kuti aphunzire kudula mozarela. Ee, mfuu yake inamveka mpaka kumsewu! Mipira imene anaumba tsiku limenelo inkaoneka ngati mbatata zolumidwa ndi mbewa. A Vitantonio anaiyang'ana, kupukusa mutu, n'kunena kuti, "Uyu manja ake ndi a pensulo. Mupatseni sukulu asatithere mkaka." Crescenzo ndiye anabadwa ndi manja a ntchitoyo, ndipo bambowo atatsikira kulichete, khola ndi kanyumba kaja zinatsala kwa iye.

Alfonsina anaphunzira mumzinda wa Salerno, n'kuyamba ntchito yotsuka mabotolo mu labotale. Anatsuka zaka zinayi, maso ali pa zimene akuluakulu ankachita, mpaka tsiku lina anauza bwana wina kuti wasokoneza mankhwala, ndipo zinapezeka kuti mtsikanayo sankanama. Kuyambira pamenepo anamuchotsa pasinki. Anakwatiwa ndi woyendetsa basi wofatsa, malemu a Gerardo, amene ankakonda kunena kuti mkazi wawo amanunkhiza ngakhale madzi odalitsa a m'tchalitchi. Ndipo n'zoona. Mpaka lero pa ukwati akakweza chidutswa cha mozarela n'kuchiyang'ana padzuwa, eni phwando amachita thukuta ngakhale alibe mlandu.

Mlandu wake umabwera chonchi. Njati ndi nyama yamakani, imatulutsa mkaka wambiri nyengo yozizira, pamene ogula ali ochepa, ndiye nyengo yotentha ikafika, alendo atadzaza kunyanja, aliyense akufuna mozarela, iyo imayamba kuumira. Pamenepo ndi pamene Satana amanong'oneza munthu kuti, "Thira ndowa imodzi ya ng'ombe, adziwa ndani?" Ikachuluka lilime limaimva, maso amaiona, poti wa njati ndi woyera mbuu pomwe wa ng'ombe amakhalako wachikasu. Koma ikakhala yochepa, ngakhale katswiri amadya n'kuyamikira.

Alfonsina ali ndi njira ziwiri zogwirira ng'ombeyo. Paja mkaka ukagwirana umapatukana pawiri, mnofu umene umakhala tchizi, ndi madzi ake, ndipo timadzi tina timatsalira mu tchizimo. Njira yachangu ndi ya madziwo. Amawafinya, kuwasefa, n'kuwabaya m'makina amene amajambula timapiri pagalasi. Njati ili ndi timapiri take todziwika, koma ng'ombe ili ndi kaphiri kena kake kamene njati ilibe, ndipo kakangotumphuka, nkhani yatha. Njira yachiwiri ndi ya mnofu, yochedwa, yodya masiku awiri. Amasungunula mnofuwo, kuudontheza pa chinthu chopyapyala chonga phala louma, kudutsitsapo magetsi, n'kupakapo utoto. Pamatuluka mizere ngati makwerero, ndipo mizere ya ng'ombe imaima pamalo pake pokha. Tchizi yense amabwera ndi nambala, popanda dzina, kuti woyeza asadziwe amene akumuzenga.

Lamulungu lililonse Alfonsina amakadya kwa Crescenzo, ndipo Lamulungu lililonse nkhondo yake ndi yomweyo.

"Achemwali, mwagwira angati sabata ino?"

"Awiri. Wachitatu ukhala iwe ukapitiriza kundithirira vinyo wowawasa uyu."

"Ha! Makina anuwo ndi a anthu opanda lilime. Ine dontho limodzi la ng'ombe ndingalimve maso ali chitsinzire."

"Choka apa! Lilime lako linapsa kale ndi khofi, Crescè. Chaka chatha unathira mchere m'kapu n'kumwa theka usanazindikire."

Crescenzo ndi munthu wamtali, wamimba, wa mawu ngati lipenga, ndipo ali ndi zinthu ziwiri zimene amanyadira: lilime lakelo ndi cizza ya bambo. Cizza ndi madzi a mkaka wa dzulo, owawasa, amene amasungidwa kuti athiridwe mu mkaka wa lero kuti upse bwino. Alero amasungidwanso kuti akapsetse wamawa, choncho mpaka kalekale. Crescenzo ankauza aliyense wolowa m'shopu mwake kuti cizza yake ndi yomwe ija a Vitantonio anaiyamba asanakwatire, sinafepo ngakhale tsiku limodzi. Ankati amene wadya tchizi wake wagwirana chanza ndi bambo ake. Ena ankamuseka kumbali, koma Alfonsina pa nkhani imeneyi yokha sankamugemula, chifukwa nayenso akaluma ankamva ngati bambowo ali pafupi.

Chaka chimene ndikunenachi, pakati pa mwezi wa Ogasiti, Crescenzo anakwatitsa mwana wake wamkazi, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire anatseka kanyumba kaja masiku atatu. Unali ukwati wa dzaoneni. Alfonsina anavina mpaka nsapato inathyoka chidendene.

Patapita sabata, Lachiwiri m'mawa, mu labotale munafika bokosi la oyendera, amene amatenga tchizi m'mashopu kuti akayezedwe, ndipo m'menemo munali thumba la nambala 417. Alfonsina atangotulutsa mpirawo anayamba kuseka yekha. Crescenzo ali mnyamata anapanidwa chala chachikulu ndi chitseko cha khola, chinapola chokhota, ndiye mpira uliwonse umene amadula umakhala ndi msoko wopindika ngati mbedza. M'chigwa chonse mulibe wina wodula choncho.

Anapita nawo kwa bwana wake, a dokotala Pisapia, mayi wachitsikana amene Alfonsina anamuphunzitsa yekha kugwira botolo.

"Adokotala, uyu ndi wa mlongo wanga. Ndauzindikira msoko. Ine sindiugwira, yezani ndinu."

"Mwachita bwino, mayi Alfonsina. Mukhoza kukapuma panja."

"Panja? Ndiima pompano, manja m'thumba. Ndikufuna muone lero mmene tchizi weniweni amaonekera."

Anaimadi kumbuyo kwawo, akung'ung'udza kanyimbo. Makina analira, mzere unayamba kuyenda pagalasi, timapiri ta njati tinatuluka tokongola monga mwa masiku onse. Kenako, pamalo pamene panayenera kukhala pathyathyathya, mzerewo unakwera. Sunakwere kwambiri ayi, koma unakwera. Kanyimbo kanathera pakhosi.

A dokotala anabwereza ndi chidutswa china, zinatuluka chimodzimodzi. Lamulo limakhululuka ng'ombe ikakhala yosakwana gawo limodzi pa zana, poti ngozi zimachitika, koma apa magawo anali pafupifupi atatu.

"Mayi Alfonsina, takhalani pansi."

"Sindikhala. Lembani zimene mwaona."

Anatero mawu ali gwa. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo tsiku limenelo Alfonsina anamvetsa mwambiwo mpaka m'mafupa. Kangati anasainira mapepala otere osaphethira n'komwe, akuti wakuba ndi wakuba? Lero wakubayo anali mwana amene iye anamubereka kumsana. Choipitsitsa n'chakuti sankaloledwa kumutsina khutu mpaka kalata itafika. Masiku atatu ankadutsa njira ina popita kuntchito kuti asaone chikwangwani cha shopu ija.

Kalata inafika kwa Crescenzo Lachisanu. Inati chidindo chake chotsimikizira kuti mozarela ndi wa njati chaimitsidwa kaye, nkhani idzamvedwa pakatha masiku khumi, ndipo zikapezeka kuti ndi chinyengo, chidindocho chidzalandidwa ndipo dzina lake lidzalengezedwa. Kwathu kuno munthu akhoza kupsa nyumba n'kumanganso, koma wothira ng'ombe amakhala wothira ng'ombe mpaka zidzukulu zake. Pofika Loweruka masana nkhani inali itazungulira malo onse omwera mowa, ndipo amene dzulo ankamuitana kuti katswiri ankati iwo anali atakayikira kale. Anthu inu!

Lamulungu Alfonsina anapitabe, atanyamula mbale ya makeke monga mwa chizolowezi. Onse anayamba kudya. Kenako Crescenzo anamenya tebulo mpaka matambula anadumpha.

"Ng'ombe? Pano? Ngakhale pa kalendala yanga palibe ng'ombe! Ndikulumbira pa manda a bambo, dontho la mkaka wa ng'ombe silinalowepo pakhomo langa. Makina anuwo aledzera!"

"Saledzera. Ndinali pomwepo, ndinaona ndi maso angawa."

"Munali pomwepo? Inu? N'kungoyang'ana?"

"Umafuna nditani, ndizimitse magetsi?"

"Ndiye nenani pamaso pa onsewa, achemwali. Mukukhulupirira ine kapena bokosi lamagetsi?"

Alfonsina anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Ndikukhulupirira nonse awiri. Ndilo vuto langa limenelo."

Sanali kunyengerera. Mlongo wakeyo ankamudziwa, akanama khutu lamanzere limafiira, ndipo tsiku limenelo silinafiire. Koma anaonanso kanthu kena: polumbira paja, Crescenzo anayang'ana aliyense kupatula chithunzi cha bambo chimene chili pamwamba pa kabati.

Lolemba anapempha a dokotala kuti chidutswa chotsala achiyeze ndi njira ya makwerero. Masiku awiri amenewo anatsuka mabotolo onse a mu labotale, ngakhale oyera kale, kuti manja apeze chochita. Lachitatu madzulo a dokotala anamuitana, atakweza mizere ija pa nyali. Alfonsina anayang'ana pamalo pa ng'ombe. Panalibe kanthu. Anapukuta magalasi, kuyang'ananso. Poyera!

"Sindikumvetsa," anatero a dokotala. "M'madzi ng'ombe ilimo, mumnofu mulibe. Munthu akathira mkaka, zonse ziwiri zimalowa limodzi. Kodi alipo wothira madzi okhaokha? Angapindule chiyani?"

Apa ndi pamene sukulu inathera, khola n'kuyamba. A dokotala anayamba kutsegula mabuku, koma Alfonsina anali ataona kale bambo ake m'maganizo, atanyamula ndowa m'mawa, akuthira madzi a dzulo mu mkaka wa lero. Madzi opanda mnofu ali ndi khomo limodzi lokha lolowera mu tchizi. Anaseka mokweza chifukwa mlongo wake sanali wakuba. Kenako kuseka kunaduka, chifukwa anazindikira tanthauzo lake lina.

Lachinayi m'mawa anafika kukanyumba kaja nthunzi ili tolo, Crescenzo manja ali m'madzi otentha. Anauza antchito awiri kuti akamwe khofi, n'kutseka chitseko.

"Crescè, cizza ya bambo ili kuti?"

"Ili apo, simukuiona?"

"Ndiyang'ane. Khutu lako lafiira."

Chimunthu chija chinatulutsa manja m'madzi, kuwapukuta pa epuloni, n'kukhala pa ndowa yovundikira. Anayankhula motsitsa, mwina koyamba m'moyo wake.

"Inafa, achemwali."

"Inafa bwanji?"

"Keke ya ukwati. Inakana kulowa m'chipinda chozizira, inali ya nsanjika zisanu. Ndinatulutsa ndowa ya cizza ndekha, ndi manja angawa, ndinati mphindi zisanu zokha ndiipezera malo. Kenako oimba anafika, kenako apongozi, kenako vinyo. Ndinaikumbukira patatha masiku atatu, ili kuseri kwa chitseko, kutentha kwa Ogasiti kuja. Fungo lake, ngakhale ntchentche zinkathawa."

"Mayo ine! Ndiye unatani?"

"Ndikanatani? Ndinatenga ndowa masana, anthu onse akugona, ndinaiphimba ndi jekete, n'kukwera kuphiri kwa a Sabato."

"A Sabato! Opanga tchizi wa ng'ombe! M'chigwa muno muli anzako a njati makumi angati, iwe n'kulumpha onsewo?"

"Kuti pofika madzulo aliyense adziwe? A Sabato anali mnzawo wa bambo, ali kutali, ndipo sayankhula. Ndiponso cizza si mkaka, achemwali! Ndi moto chabe. Moto ukazima umakapala kwa mnzako, sufunsa kuti waphikira chiyani. Ndinadziwa bwanji kuti oyendera atulukira tsiku lomwelo?"

Ndipo musamuseke, chifukwa funsani aliyense wopanga tchizi kuno kuti mwathiramo chiyani, adzakuuzani mkaka, mchere ndi mankhwala ogwiranitsa, cizza sadzaitchula. Sanali kunama polumbira paja. M'mutu mwake ng'ombe inali isanalowe.

Alfonsina anafuna kumukumbatira, anafunanso kumumenya ndi chipande. Chisoni nacho chinamugwira, chifukwa kanthu kotsiriza ka bambo kanali katapita, ndipo iye, wonunkhiza madzi odalitsa, anadya tchizi watsopanoyo Lamulungu lapitalo osamva kusiyana kulikonse. Koma nthawi yolira panalibe.

"Basi wapulumuka. Lolemba ukanene zimenezi, makwerero akuchitira umboni."

"Sindikanena."

"Wati chiyani?"

"Bola anditche wakuba. Wakuba ndi wochenjera, anthu amaiwala. Koma munthu amene anapha cizza ya bambo ake chifukwa cha keke? Zaka makumi atatu ndakhala ndikuuza anthu kuti sinafepo. Ndidzayenda bwanji mumsewu?"

"Iwe mutu wako uli ndi madzi a dzulo! Ana ako azitchedwa ana a wothira ng'ombe chifukwa choti ukuchita manyazi ndi keke? Vula epuloniyo. Tikupita kwa a Sabato akatilembere umboni, ndipo ukakana ndikukoka ndi khutu lofiiralo anthu akuona."

Chibale ndi fupa, ndipo mchemwali wamkulu ndi mchemwali wamkulu ngakhale mlongo wake atamera imvi. Crescenzo anadzipinda m'kagalimoto ka Alfonsina, mawondo ali kuchibwano, akung'ung'udza njira yonse kuti iye sakatsegula pakamwa.

A Sabato, nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi atatu ndi zinayi, anawapeza pansi pa mkuyu akusenda nyemba. Anamvetsera Alfonsina akufotokoza za timapiri ndi makwerero, akugwedeza mutu ngati akumva zonse, chonsecho khutu limodzi linafa kalekale.

"Ndiye mukufuna ndilembe kuti ndinapereka ndowa? Yake iti?"

"Ya masabata awiri apitawa ija, malume. Ilipo inanso?"

"Aa, yachisanu ija."

Crescenzo, amene anaima patali atafulatira, anatembenuka.

"Yachisanu chiyani?"

"Yachisanu kupita kunyumba kwanu. Zinayi anadzatenga Vitantonio." Nkhalambayo inayamba kupinda zala. "Chaka cha chivomerezi, imeneyo palibe angamunene. Chaka chimene mtsinje unasefukira. Ulendo wina mphaka anagweramo. Ndipo ina, ha, ina inali ya ubatizo wako iwe, analedzera masiku awiri n'kuiiwala padzuwa."

"Mukunama, malume!"

"Ndinamize ndani pa msinkhu uno? Ankabwera masana ngati iweyo, ndowa ataiphimba ndi jekete, akuyang'ana uku ndi uku ngati waba nkhuku. Nditakuona ukukwera phiri tsiku lija ndinachita chizindikiro cha mtanda, ndinayesa wauka. Inenso yanga ikafa ndinkatsikira kwa iye. Cizza ya m'chigwa muno yazungulira makomo onse, mwana wanga, palibe amene ali ndi yakeyake."

"Nanga bwanji simunandiuze?"

"Unafunsa? Wopala sanena, wopalitsa sanena, ndi mmene tinazipezera. Unabwera nkhope ili ngati pamaliro, ine ndinkati ndi vinyo wa ukwati."

Alfonsina ndiye anayamba. Anayesa kudzigwira, anatseka pakamwa ndi dzanja, koma chikhakhali chinaphulika mpaka anakhala pansi pa dengu la nyemba. Crescenzo anaima kukamwa kuli yasa, nkhope ikusinthasintha, kenako mimba ija inayamba kugwedezeka, ndipo sizinkadziwika ngati akuseka kapena akulira, chifukwa ankachita zonse ziwiri.

"Pa ubatizo wanga! Kanayi! Ine kamodzi kokha sabata yonse chakudya chosalowa, ndikupepesa chithunzi m'mawa uliwonse. Bambo inu, bambo inu!"

A Sabato analemba umboni wawo pa pepala lochokera m'kope la mdzukulu, zilembo zikuluzikulu, n'kuwapatsanso thumba la nyemba poti mlendo sabwerera chimanjamanja.

Lolemba, kuofesi ya oyendera, Alfonsina sanaloledwe kulowa. Anakhala pabenchi pakhonde, chikwama chili pamiyendo, koma chitseko sichingatseke mawu a Crescenzo. Anamva wamkulu wa oyendera akufunsa ngati akuvomera kuti mu tchizi wake munapezeka ng'ombe.

"Inalowadi, bwana. Ndinainyamula ndekha m'ndowa."

Anafotokoza zonse, osasiya kanthu, mpaka nsanjika zisanu za keke, ndipo Alfonsina anamva wina m'katimo akutsokomola mofuna kubisa kuseka. Kenako anamva mawu a dokotala Pisapia akufotokoza za madzi ndi mnofu, kenako mapepala akutembenuzidwa.

Chitseko chitatseguka, Crescenzo anatuluka chipewa chili m'manja, thukuta lili kamukamu. Anadzigwetsa pabenchi pafupi ndi mchemwali wake.

"Masabata awiri opanda chidindo, ndi chenjezo. Akuti ndikapalanso moto ndizikapala kwa a njati."

"Alemba kuti chiyani?"

"Kulakwitsa. Sanalembe chinyengo." Anapukuta thukuta. "Sanalembe kuti wakuba, achemwali."

Anthu ankadutsa ndi mafayilo awo. Kenako Crescenzo anafunsa, maso ali pa chipewa.

"Tandiuzani chinthu chimodzi. Tsiku lija, mukanakhala nokha m'chipinda muja, adokotala kulibe, wina aliyense kulibe, inu mutauzindikira msoko wanga, mukanalemba chiyani?"

Alfonsina akanatha kunama, ndipo palibe akanamutsutsa. Mtima unamupweteka, koma anamuyang'ana m'maso.

"Ndikanalemba ng'ombe, Crescè."

Mlongo wakeyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ndimadziwa. Wamkulu uja wanenanso zomwezo. Akuti ikanakhala labotale ina imene mumagwira ntchito mchemwali wa mwini mlandu, umboniwo akanaukayikira. Koma akuti labotale ya mayi Cammarano ikanena kuti mumnofu mulibe ng'ombe, ndiye kuti mulibe, chifukwa mayi ameneyo sangakhululukire ngakhale mlongo wake."

Alfonsina anayamba kulira. Misozi inadzaza magalasi mpaka sankaonanso khonde. Crescenzo anamuvula magalasiwo, kuwapukuta ndi malaya ake, n'kumuvekanso mokhota, ndipo anatsika masitepe atagwirana mikono.